Coach K wa ku Duke: magemu 1,202 aja anawawina bwanji, nanga nambalayi imabisa chani?

Dzina lake ndi Mike Krzyzewski koma musayese kuliwerenga momwe lalembedwera, mungoluma lilime pachabe. Amatchula kuti Shishefiski. Ndi dzina lochokera ku Poland ndipo aku America eni akewo linawakanika mpaka anangoti basi tizingoti Coach K. Mkuluyu anaphunzitsa basketball ya anyamata a m'makoleji kwa masizoni 47, asanu ku Army ndi 42 ku Duke University, ndipo pomwe amapuma mu 2022 nkuti atawina magemu 1,202 nkuluza 368. Palibe kochi wina wa anyamata mu Division I, lomwe ndi gulu lapamwamba zedi la masewera a m'makoleji ku America, amene anafikako kumeneko. Zikho za dziko lonse anatenga zisanu, mu 1991, 1992, 2001, 2010 ndi 2015.

Ukangomva kuti 1,202 umaganiza za munthu amene anapeza njira imodzi yowinira nkumangoibwereza zaka zonsezi. Ayi ndithu. Mdalayu anasintha kachitidwe kake maulendo angapo, zinthu zina zomwe sankazifuna nkomwe ali ndi zaka 45 anadzazichita yekha ali ndi zaka 68, komanso rekodi yonseyi inatsala pang'ono kufera mmazira atangokhala zaka zitatu ku Duke.

Koma tiyambe ndi ntchitoyo kaye, chifukwa ukochi wa pa koleji ndi chinthu china, sufanana ndi wa NBA, ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa ku America, kapena wa mpira wa miyendo womwe ambiri tinazolowera. Osewera ake ndi ana asukulu. Mwana ankaloledwa kusewera masizoni anayi, akakwana basi azipita kaya ndi katswiri chotani. Nthawi ya Coach K kunalibe zogula osewera, kulibenso draft ngati ku NBA komwe timu yomwe yachita moipa imapatsidwa mwayi wosankha koyamba. Kochi amanyamuka yekha kukaonera magemu a ku sekondale, kukalowa mnyumba mwa makolo, kukhala pa sofa nkuwauza kuti mwana wanuyu ndipatseni ndikamusamala, sukulu akaphunzira ulele, ndipo sabata yomweyo makochi ena khumi akuuza makolo omwewo mawu omwewo. Ndiye timu ya pa koleji ili ngati nyumba ya udzu, chaka ndi chaka uyenera kukwera padenga, ukangodumphitsa chaka chimodzi yayamba kudontha. Nchifukwa chake ku koleji amene amatchuka kwambiri ndi kochi, anawo amangodutsa iye ndi amene amatsala.

Sizoni imayamba mu November. Makoleji anagawidwa m'maligi omwe amawatcha conference, ndipo Duke ili mu ACC momwe nthawi imeneyo munali zilombo ngati North Carolina, NC State, Maryland, Virginia ndi Georgia Tech, kenako nkudzalowamonso Syracuse ndi Louisville. Ligi ikatha pamakhala kachikho ka matimu a mu ligi momwemo, ndiyeno mu March kumabwera chenichenicho, mpikisano womwe amautcha March Madness, wokonzedwa ndi NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji. Kuyambira 1985 munkalowa matimu 64, mu 2011 anafika 68. Lamulo lake ndi lankhanza, ukaluza gemu imodzi walongedza, kulibe zoti tikabwezera kwathu. Kuti utenge chikho uyenera kuwina magemu 6 motsatizana m'masabata atatu, ndipo matimu anayi otsala kumapeto ndi omwe amati Final Four. Gemu yake ndi ya mphindi 40 zokha, mahafu awiri a mphindi 20, ndiye ngati tsiku limenelo mpira ukungokana kulowa katimu komwe simunakamvepo kangathe kukutumizani kwanu.

Mfundo imeneyi muisunge chifukwa ndi yomwe imapangitsa kuti zikho zisanu zikhale zambiri. Coach K analowa mu mpikisanowu maulendo 36 ndipo anawinamo magemu 101, kuposa kochi wina aliyense wa anyamata. Koma 36 kuchotsa 5 ndi 31. Ndiye kuti ka 31 sizoni yake inatha anyamata akulira mchipinda chosinthira.

Anabadwira ku Chicago pa 13 February 1947 m'banja wamba. Bambo ake ankayendetsa lifiti, chikepe chija cha m'nyumba zosanja, mayi ake a Emily ankakolopa ku Chicago Athletic Club. Amene anadzamutenga atamaliza sekondale ndi Bob Knight, kochi wa ku West Point, yomwe ndi Army ija, sukulu yophunzitsa akuluakulu a asilikali. Mnyamatayo za usilikali sankazifuna, makolo ndi omwe anamukankha. Anasewera pansi pa Knight, nkukhala kaputeni wa timu, anamaliza mu 1969 ndipo anagwira usilikali mpaka 1974. Kenako chaka chimodzi ku Indiana ngati wothandizira Knight yemweyo, ndipo mu 1975 ali ndi zaka 28 anabwerera ku West Point ngati kochi wamkulu. Zaka zisanu kumeneko anawina 73 nkuluza 59. Pa sukulu ya asilikali komwe mwana waluso woganiza za NBA sangapiteko nkomwe, imeneyo si rekodi yoipa, koma si yoti munthu nkudzidzimuka nayo, ndipo sizoni yake yomaliza inali 9-17.

Ndiye taganizani, March 1980 Duke ikufuna kochi. Siinali timu yachabechabe ayi, inali itasewera fainolo mu 1978 pansi pa Bill Foster. Mkulu wa zamasewera pa sukulupo, Tom Butters, nkukatenga mnyamata wa zaka 33 wa dzina losatchulika amene wangoluza kumene magemu 17. Sizoni yoyamba 17-13. Yachiwiri 10-17. Yachitatu 11-17. Kuphatikiza zonse 38-47. Chopweteka kwambiri chinali cha kwa aneba. Duke ili mumzinda wa Durham, North Carolina ili ku Chapel Hill makilomita osakwana 20 kuchokera pamenepo, NC State ili ku Raleigh chapafupi pomwepo. Mu 1982 North Carolina ya Dean Smith inatenga chikho cha dziko lonse, mwana wa chaka choyamba dzina lake Michael Jordan atagoletsa mpira wowinira. Mu 1983 NC State ya Jim Valvano nayonso inatenga. Aneba onse awiri akuvina, iwe ukungokwapulidwa. Ndipo sizoni ya 1983 inatha mochititsa manyazi, Virginia ya chimphona Ralph Sampson inawaswa 109-66 mu chikho cha ACC ku Atlanta.

Pali nkhani yomwe imakambidwa kwambiri ya usiku umenewo, yoti atapita kukadya pa resitilanti ina mmodzi mwa anzake ananyamula tambula nkunena kuti tiyeni tiiwale za lero, Coach K nkuyankha kuti ayi, za lero tisadzaziiwale. Pambuyo pake Virginia inatha zaka zingapo osawinako Duke.

Anthu andalama omwe amathandiza timu ya Duke ankafuna achotsedwe, ndipo kunena chilungamo potengera manambala sankalakwa. Butters anakana, mmalo mwake kumayambiriro kwa 1984 anamupatsa kontilakiti ina ya zaka zisanu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ine ndimaona kuti pa magemu 1,202 aja gawo lina ndi la Butters, chifukwa masiku ano kaya ndi masewera anji kochi wa 38-47 sangaone sizoni yachinayi. Koma sikuti Butters ankangodekha mwa chifundo. Panali chomwe ankaona. Mu 1982 Coach K anali atakopa gulu la ana aluso kwambiri, Johnny Dawkins, Mark Alarie, David Henderson ndi Jay Bilas, ndipo 11-17 ija inali ya ana amenewa ali chaka choyamba akusewera ndi akuluakulu. Mu 1983 kunabwera Tommy Amaker. Ana aja atakhwima zinthu zinatembenuka, 24-10 mu 1984, ndipo mu 1986 ali chaka chomaliza anawina magemu 37 nkuluza atatu okha. Tsoka ilo imodzi mwa atatuwo inali fainolo, Louisville inawapambana 72-69.

Apa ndi pomwe panayambira Coach K woyamba, wa ana okhala zaka zinayi. Kasewero kake kanali kodziwika, aliyense agwire munthu wake bwalo lonse osamupatsa mpata wopuma, zomwe amati man-to-man, njira yomwe anaitengera kwa Knight. Anyamata a Duke ankamenya pansi ndi zikhatho mdani akamabwera ndi mpira, kusonyeza kuti apa simudutsa, chinthu chomwe masapota awo ankachikonda ndipo ena onse chinkawanyansa. Pakati pa 1986 ndi 1994 anafika mu Final Four ka 7 pa zaka 9. Mu mpikisano woti ukaluza kamodzi wapita, zimenezo ndi zamisala.

Koma poyamba zinamupatsa mbiri yoipa, yoti amafika pakhomo koma salowa. 1986 waluza, 1988 waluza, 1989 waluza, ndipo 1990 ndiye zinanyanya, UNLV, yunivesite ya ku Las Vegas, ya Jerry Tarkanian inawathidzimula 103-73 mu fainolo, kusiyana kwa mapointi 30 komwe sikunachitikepo mu fainolo ya NCAA. Chaka chotsatira anakumananso mu semifainolo ku Indianapolis, UNLV isanaluzepo gemu ndi imodzi yomwe sizoni yonse, osewera ake ambiri ali omwe aja kuphatikizapo Larry Johnson. Duke inawina 79-77, Christian Laettner atagoletsa ma free throw awiri, mipira ija yomwe umaponya popanda wokutchinga akakuchitira faulo, kutatsala masekondi ochepa. Patatha masiku awiri anagonjetsa Kansas 72-65, chikho choyamba, chaka chake cha 11 pa sukulupo.

Gemu yomwe anthu amaikumbukira kwambiri si fainolo nkomwe. Ndi ya 1992 ku Philadelphia, yolimbirana malo mu Final Four, Duke ndi Kentucky ya Rick Pitino. Inalowa nthawi yowonjezera, Kentucky nkutsogola 103-102 kutatsala masekondi 2.1. Duke iyenera kuyambira kumapeto kwenikweni kwa bwalo. Kentucky sinaike munthu wotchinga woponyayo, ndiye Grant Hill anaponya mpira wautali kudutsa pafupifupi bwalo lonse, Laettner anaugwira pa mzere wa free throw atafulatira basiketi, anaugunditsa pansi kamodzi, kutembenuka, kuponya, belu likulira mpira ukulowa. 104-103. Tsiku limenelo Laettner anaponya ka 10 mkati mwa gemu zonse zinalowa, ma free throw 10 onse analowa. Koma mukafunsa a Kentucky akuuzani zina, kuti mu gemu yomweyo Laettner anaponda pachifuwa Aminu Timberlake ali pansi, anangopatsidwa technical foul, chilango cha khalidwe loipa, osatulutsidwa, ndiye munthu amene amayenera kukhala ali kunja ndi amene anawapha. Chidani chomwe anthu ambiri ku America ali nacho pa Duke, chonena kuti ndi sukulu ya ana a anthu olemera ndipo oyimbira amaikondera, china chinachokera pamenepa. Duke inapitirira nkukaswa Michigan 71-51 mu fainolo, kukhala timu yoyamba kuteteza chikho chichokereni UCLA, yunivesite ya ku Los Angeles, mu 1973. Laettner anasewera Final Four zaka zake zonse zinayi. Bobby Hurley anachoka mu 1993 ali ndi rekodi ya NCAA ya ma assist, mapasi omwe mnzako amagoletsera, 1,076. Grant Hill naye anakhala zaka zinayi mpaka fainolo ya 1994 yomwe analuza kwa Arkansas 76-72. Osewera a mlingo umenewo kukhala pa koleji zaka zinayi masiku ano ndi maloto.

Tsopano nayi mbali yomwe imaonetsa kuti rekodi ya kochi si masamu wamba. Sizoni ya 1994-95 Coach K anachitidwa opaleshoni ya msana, anafulumira kubwerera kuntchito, thupi linakana, ndipo atatsogolera magemu 12, owina 9 oluza 3, anasiya kukapuma. Timu inatsala mmanja mwa womuthandizira Pete Gaudet ndipo inagwa chagada, kuwina 4 kuluza 15. Funso nkumati magemu 19 amenewa alembedwe pa dzina la ndani? Timu ndi ya Coach K, ana anawasankha ndi iye, koma pa benchi panalibe. Duke inawalemba pa Gaudet. Akanawalemba pa iye bwenzi tikunena 1,206 ndi 383. Kusiyana kwake nkochepa koma odana ndi Duke mpaka lero amaikumbutsa nkhaniyi, amati bwana anatenga zokoma nkusiyira wantchito zowawa.

Palinso njira ina yomwe manambalawa amasinthira. NCAA ikapeza kuti sukulu inaphwanya malamulo, mwachitsanzo kuseweretsa mwana wosayenera, imafufuta magemu omwe munawina ngati sanachitike. Jim Boeheim wa ku Syracuse, mnzake wa Coach K, anamufufutira magemu 101, ndiye m'mabuku ali ndi 1,015 pomwe pa bwalo anawina 1,116. Ndiye mukamaona mndandanda wa makochi owina kwambiri dziwani kuti muli za maofesi momwemo. Coach K sanafufutidwepo gemu, ndipo omukonda amaiona imeneyi ngati rekodi payokha.

Kusintha kwachiwiri kunayamba mu 1999. Timu ya chaka chimenecho inali yoopsa, 37-2, koma inaluza fainolo kwa Connecticut 77-74, kenako Elton Brand, William Avery ndi Corey Maggette ananyamuka kupita ku NBA asanamalize sukulu. Aka kanali koyamba kuti ana a Coach K achite zimenezi, kwa zaka 19 anali asanazionepo. Anakwanitsabe kumanga timu ina ya kalembedwe kakale, Shane Battier wa zaka zinayi akutsogolera Jason Williams, Carlos Boozer ndi Mike Dunleavy, nkutenga chikho cha 2001 pogonjetsa Arizona 82-72, chaka chomwenso analowa mu Hall of Fame, mndandanda waulemu wa akadaulo a basketball. Koma dziko linali litasintha. Luol Deng, wobadwira ku Wau komwe pano ndi South Sudan, amene banja lake linathawa nkhondo kudzera ku Egypt mpaka ku Britain, anangokhala sizoni imodzi ya 2003-04, kufika Final Four, nkupita. Deng yemweyu ndi amene pambuyo pake anadzatsogolera bungwe la basketball la South Sudan mpaka timu yawo kukafika ku Olympics ya ku Paris mu 2024, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mu 2004 Los Angeles Lakers inamufuna, malipoti ankati ndi madola 40 miliyoni pa zaka zisanu. Anakana. Ku NBA wosewera wamkulu akakwiya amene amachoka ndi kochi, pomwe ku Duke bwalo lenilenilo lomwe amasewerapo mu Cameron Indoor Stadium linalembedwa dzina lake, ndipo ana asukulu amagona m'matenti kunja kwa masabata kudikira malo pa gemu ya North Carolina, pamalo pomwe anapatcha Krzyzewskiville. Ufumu wotero ungausiye chifukwa chani.

Kenako NBA inaika lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2006, loti mwana sangalowe draft asanafike zaka 19 komanso pasanathe chaka chimalizireni sekondale. Zotsatira zake ana aluso kwambiri anayamba kupita ku koleji kukangodikira chaka chimodzi basi, zomwe amati one-and-done. Kochi aliyense anayenera kusankha, utenge akatswiri oti pakatha miyezi 8 apita, kapena utenge apakatikati oti ukhala nawo zaka zinayi. Chikho cha 2010 Coach K anachitenga ndi njira yachiwiriyi. Jon Scheyer, Nolan Smith, Kyle Singler, Brian Zoubek, anyamata okhwima koma opanda dzina lalikulu ku NBA, anagonjetsa kasukulu kakang'ono ka Butler 61-59 ku Indianapolis kwawo kwa Butler komweko, ndipo Gordon Hayward anaponya mpira womaliza ali pakati pa bwalo womwe unagunda bolodi, kugunda chingelengele, nkutuluka. Ukanalowa bwenzi tikunena zikho zinayi. Rekodi ya munthu nthawi zina imalendewera pa kanthu kotero.

Atatenga chikho chimenecho ndi pomwe anatembenukiratu. Kyrie Irving anabwera, anavulala chala cha kuphazi, anasewera magemu 11 okha nkupita kukakhala woyamba kusankhidwa mu draft ya 2011. Kuyambira pamenepo Duke inasanduka siteji ya basi, ana kutsika ana kukwera. Walira mvula walira matope, timu ya ana a zaka 18 ikakumana ndi amuna a zaka 22 omwe asewera limodzi zaka zinayi zimatha kuvuta, ndipo mu 2012 Lehigh inawatulutsa pa gemu yoyamba, mu 2014 Mercer inachitanso chimodzimodzi, masukulu oti anthu ambiri sankadziwa nkomwe komwe ali. Koma mu 2015 zinagwira. Mu fainolo yomwe anagonjetsa Wisconsin 68-63, mapointi 60 mwa 68 anagoletsa ndi ana anayi a chaka choyamba, Tyus Jones, Grayson Allen, Justise Winslow ndi Jahlil Okafor. Atatu mwa iwo anapita ku NBA chaka chomwecho. Yerekezani ndi timu ya Laettner ndi Hurley, kochi ndi yemweyo koma nzeru yake ndi ina kotheratu.

Ngakhale man-to-man ija yomwe inali ngati chipembedzo chake anaisiyako. Kutchinga kotero kumafuna zaka kuti ana akuzolowere, ndiye ngati uli nawo miyezi yochepa utani? Mu 2018 Duke inasewera kwambiri zone, komwe aliyense amalondera dera lake osati munthu, njira yomwe mwini wake weniweni ndi Boeheim uja, amene anali womuthandizira ku timu ya dziko. Anthu omwe anamudziwa m'ma 1980 sakanakhulupirira.

Ine pano ndili ndi maganizo anga. Zaka za one-and-done zinamupatsa magemu ambiri owina ndi mayina akuluakulu, Jayson Tatum, Brandon Ingram, Zion Williamson, RJ Barrett, Paolo Banchero, koma chikho chinabwera chimodzi chokha pa zaka 12. Timu ya 2019 ya Zion inali ndi ana atatu omwe anasankhidwa mu khumi oyamba a draft, koma Michigan State ya Tom Izzo yodzadza ndi anyamata okhwima inawatulutsa 68-67 asanafike Final Four. Ndiye kunena kuti kusinthako kunapambana kotheratu ndi kukokomeza. Chomwe kunachita nkumusunga pamwamba pa msinkhu womwe anzake ambiri anali atatha kale. Ndipo tisaiwale kuti zaka zonsezi makochi ankalandira mamiliyoni a madola, ma TV akupanga ndalama zankhaninkhani, pomwe ana osewerawo malamulo a NCAA sankawalola kupanga ndalama ngakhale ndi dzina lawo lomwe mpaka July 2021. Magemu 1,202 aja pafupifupi onse anawinidwa ndi anyamata omwe malipiro awo anali sukulu, chakudya ndi pogona.

Za timu ya dziko la America sizilowa mu 1,202 koma sungazidumphe. Anali wothandizira pa Dream Team, timu ya America ya ku Olympics ya 1992. America itachita manyazi ku Athens mu 2004 pongopeza mendulo ya bronze, mu 2005 anamupatsa timu. Ambiri ankakayika ngati kochi wa ana asukulu angauze zochita Kobe Bryant ndi LeBron James. Mpikisano woyamba mu 2006 analuza kwa Greece 101-95 mu semifainolo, ndipo imeneyo inakhala gemu yokhayo yomwe analuza pa nthawi yonseyo, anamaliza ndi 88-1. Golide ku Beijing 2008, London 2012 ndi Rio 2016, kuphatikizapo zikho za dziko lonse lapansi za 2010 ndi 2014. Makochi ena ankadandaula kuti ntchito imeneyi imamupatsa mwayi wosayenera, chifukwa ukalowa mnyumba mwa mwana wa zaka 17 nkumuuza kuti chilimwe chathachi ndimaphunzitsa LeBron, mnzako wobwera mawa anena chani? Dandaulo limenelo ine ndimaliona kuti lili ndi mutu.

Nanga ndiye kuti ndi kochi woposa onse? Zimatengera mukuwerenga chani. Pa magemu owina inde, anadutsa mphunzitsi wake Knight yemwe anali ndi 902 pa 15 November 2011 ku Madison Square Garden, Knight ali pomwepo akuulutsa gemuyo pa TV, ndipo pa 25 January 2015 pa bwalo lomwelo anakhala kochi woyamba wa anyamata mu Division I kufika 1,000. Pa ma Final Four ali ndi 13, John Wooden wa UCLA 12. Koma pa zikho Wooden ali ndi 10, zonse pakati pa 1964 ndi 1975, zisanu ndi ziwiri motsatizana. Okonda Wooden amati 10 ndi 10 basi. Okonda Coach K amayankha kuti nthawi ya Wooden mpikisano unali wa matimu osaposa 25 kupatula chaka chomaliza, magemu anayi okha chikho chako, komanso akatswiri ake Kareem Abdul-Jabbar ndi Bill Walton sankathawira ku NBA pakatha chaka. Okonda Wooden nkubwezanso kuti nthawi imeneyo ligi iliyonse inkatumiza timu imodzi yokha ndipo masizoni anali aafupi, ndiye nzosadabwitsa kuti wa masiku ano aunjike magemu ambiri. Onse akunena zoona. 1,202 kugawa ndi 47 ndi magemu opitirira 25 pa chaka, ndipo chodabwitsa si kuchuluka kwake kokha koma kuti zikho zake zinatambalala zaka 24 pansi pa malamulo osiyanasiyana, anayamba kulibe wotchi yokakamiza kuponya, kulibe mzere wa mapointi atatu womwe unabwera mu 1986, namaliza mu nyengo ya ana osamuka sukulu mmene afunira. Komanso mawu oti wa anyamata aja musawataye, chifukwa ku mbali ya atsikana Tara VanDerveer wa Stanford anamudutsa mu January 2024, Geno Auriemma wa Connecticut nkudzadutsa onse awiri chaka chomwecho.

Mu June 2021, itangotha sizoni yoipa ya 13-11 yomwe Duke inalephera kulowa March Madness koyamba chichokereni 1995, analengeza kuti atsogolera sizoni imodzi yomaliza ndipo mpando adzasiyira Jon Scheyer, kaputeni uja wa 2010. Ena anati nzabwino, ena anati mdalayu akufuna chaka chonse chomuombera mmanja. Gemu yake yomaliza pa Cameron inali pa 5 March 2022, ana ake akale ochuluka atabwera kudzaperekeza, matikiti akugulidwa pa mitengo yoopsa, mwambo wokonzedwa kale. North Carolina ya Hubert Davis, kochi wa chaka choyamba, inabwera nkuwina 94-81. Mwambo unachitikabe koma nkhope zili gwaa, ndipo iye mwini anatenga maikolofoni nkuuza anthu kuti zomwe zachitika lerozi nzosavomerezeka koma sizoni sinathe.

Sinathedi. Duke inapita mpaka Final Four yake ya 13 ku New Orleans, ndipo amene anamupeza kumeneko ndi North Carolina yomweyo. Matimu awiriwa, oyandikana chonchija, odana chonchija, anali asanakumanepo mu mpikisano wa NCAA chiyambire. Kwa amene tinadzuka pakati pa usiku kuno kuti tionere, tulo sitinadandaule nato, gemu inali yosinthanasinthana utsogoleri mpaka kumapeto, kenako kutatsala masekondi osakwana 30 Caleb Love anaponya wa mapointi atatu pamwamba pa dzanja la Mark Williams nkulowa. Inatha 81-77 pa 2 April 2022. Coach K anagwirana chanza ndi Davis, nkutuluka m'bwalo atagwirana dzanja ndi mkazi wake Mickie. Pa magemu 98 omwe anakumana ndi North Carolina ali ku Duke anawina 50 nkuluza 48, ndipo gemu yoyamba yomwe analuza ngati kochi wa Duke mu December 1980 analuzanso kwa aneba omwewa.